A Kaundula ndi Ana a Pensulo

A Levisoni Mbewe tidawaika Lachinayi la sabata yatha. Maliro adali aakulu, ndipo olankhula adalankhula monga mwa masiku onse: kuti wagwa mtengo waukulu, kuti sukulu yathu yatsala yamasiye, kuti wodziwa mbiri ngati iwowa sadzapezekanso. Ine ndidakhala pakati pa amayi anzanga, maso pansi, ndikuthothola udzu. Pa maliro ngakhale fisi amasanduka nkhosa, zimenezo tonse tikuzidziwa. Tsopano mlembi wa Gulu la Ophunzira Akale, a Chisomo Zulu, atumiza uthenga pa foni kuti aliyense alembe mawu okumbukira malemuwa, asonkhanitsidwe m'kabuku. Ena alemba kale, mawu otsekemera okhaokha. Ine ndalemba izi. Akafuna aziike m'kabukumo, akapanda kufuna ayatsire mbaula.

Ndikudziwa zomwe zikunenedwa kuzitsime ndi kuchigayo: kuti Malita ndi wouma mtima, adaimika bokosi la munthu wamkulu pamsewu dzuwa likuswa mtengo. Ndidaliimikadi, sindikukana. Koma amene akundinenawo ayambe amva kuti m'bokosimo mudali munthu wotani.

Kwa amene sadaphunzire kwathu kuno, ndiyambe ndi belu. Sukulu yathu ili m'mbali mwa msewu wafumbi wopita ku Kapondo, ndipo njira ya kumanda imadutsa pachipata pake penipeni. Pabwalo pali mtengo wa mbawa, ndipo pa mbawapo pamalendewera limu, chitsulo cha m'kati mwa tayala la lole yakalekale. Tsiku ndi tsiku ana amaimenya ndi mwala. Koma akamwalira munthu amene adaphunzirapo pa sukuluyi, maliro amaima pachipata, ana amatuluka m'makalasi n'kundanda mbali zonse za msewu, ndipo limuyo imamenyedwa ndi chitsulo chake chapadera, pang'onopang'ono, kamodzi pa kalasi iliyonse yomwe malemuyo adaphunzira pamenepo. Womaliza makalasi onse amamulizira kasanu n'katatu. Wothawa ali Sitandade 2 amamulizira kawiri, anthu amaseka chamumtima koma amaimabe chilili. Mwambo wake ndi womwewo basi. Sudyetsa munthu, sudzutsa wakufa. Koma amayi anga adaufuna, ndipo a Levisoni adawamana.

Musaganize kuti adali aphunzitsi kapena ahedi. Moyo wawo wonse adali mesenjala ku boma, kunyamula makalata a anzawo kuchoka ofesi iyi kupita ofesi iyo. Atapuma ntchito adabwerera kumudzi ndi jekete ya khaki, njinga yopanda mabuleki, ndi zolembera zitatu m'thumba la pachifuwa, ziwiri mwa izo zosalemba. Chaka chomwecho chiswe chidalowa mu ofesi ya ahedi n'kuyamba kudya mashelefu. A Levisoni adanyamula kaundula wakale, buku lalikulu lachikuto chakuda momwe mudalembedwa maina a ana kuyambira tsiku lomwe sukulu idatsegulidwa, ati akalisunge kwawo mpaka chiswe chithe. Chiswe chidatha, ofesi idamangidwa ina, ahedi adasinthana anayi, buku osabwerera. Chitsulo cha belu nacho chidatsatira njira yomweyo. Pamene gulu la ophunzira akale linkayamba, upampando sadachite kusankhidwa. Adangofika ndi buku m'khwapa n'kukhala pa mpando wa kutsogolo. Kuyambira pamenepo anthu adawatcha a Kaundula, ndipo iwo, posadziwa kuti akusekedwa, ankavomera ndi mawu okuluwika.

Lolemba lililonse ankabwera ndi mpando wawo wopinda n'kuukhazika pansi pa mbawa, buku lili pamiyendo, lokulungidwa m'jumbo ya shuga. Munthu akadutsa sankamupatsa moni, ankamufunsa chaka chomwe adalowa sukulu ndi mzere womwe dzina lake lili. Asadatsegule tsamba ankanyambita chala, kunyambita kwenikweni, lilime lonse panja ngati ng'ombe pa mchere. Ndipo asadafune dzina la wina aliyense ankayamba aonetsa lawo: tsamba la chaka chawo, mzere wachitatu kuchokera pamwamba, Levisoni Mbewe, inki yakuda bii. Ankaligunda ndi chikhadabo katatu, n'kukuyang'ana ngati uyenera kuwomba m'manja. Kuti Sitandade 8 adaibwereza katatu, zimenezo m'buku mudalibe, ndiye kwa iwo sizidachitike.

Mawu awo okondedwa adali akuti pakamwa si buku. Ngakhale mudzi wonse ukadaima n'kulumbira kuti uje tinkakhala naye desiki imodzi, iwo ankangopukusa mutu n'kubwereza zomwezo. Ankatinso sukulu ili ndi eni ake monga munda uli ndi eni ake, ndipo mbalame yodzatola mapira siiwerengedwa pa banja. Akafuna kutseka nkhani ankaponya mwambi woti mlendo ndi mame, n'kukulunga buku lawo. Amati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma dambo ili lidali louma, longoyembekeza machesi.

Ndisawanamizire, zina ankazidziwa. Ankadziwa kalasi yomwe idayamba kufoleredwa ndi malata, ankadziwa amene adabzala mbawa ija, ndipo nyimbo yakale ya sukulu ankaiimba yonse osaphonya, ngakhale mawu adali ngati a chitseko chosadzozedwa mafuta. Buku lija akadapanda kulinyamula, mwina chiswe chikadalidya. Izi ndavomera, wina asadzati Malita adabisa. Koma mbiri yawo idali ngati lichero, ankapeta n'kutaya zomwe sizidawakomere. Pa tsiku la makolo ankauza ana kuti limu ija idachokera ku galimoto la wansembe wachizungu. Bodza lamkunkhuniza. Limu ija idachokera ku lole yakufa ya pa esiteti ya fodya, ndipo adaibweretsa pa ngolo ndi agogo anga, tenanti wochokera ku Phalombe. Chitsulo chomenyera nacho n'cha pa jeke yodindira mabelo a fodya. Zonsezi a Levisoni ankazidziwa, chifukwa tsiku lomwe limuyo inkapachikidwa adaliko, mamina ali chuu.

Nkhani ya pensulo ili chonchi. Matenanti amabwera mvula isadayambe, amachoka fodya akagulitsidwa, ndipo ana awo amapita nawo. Ahedi akalekale, poona kuti mwana wa tenanti akhoza kuchoka chaka chili pakati, ankalemba dzina lake ndi pensulo, la mwana wa m'mudzi ndi inki. Anyamata ankalembedwa kumaso kwa tsamba, atsikana kuseri kwa tsamba lomwelo. Sikudali kunyoza, kudali kusamala buku chabe, ndipo palibe mphunzitsi ngakhale mmodzi amene adafufutapo dzina. Maina a pensulo adakhala momwemo zaka makumimakumi, oonekera bwinobwino. Adafika a Levisoni n'kusandutsa kachitidwe ka mu ofesi kukhala lamulo la Mose. Padziko padakhala mitundu iwiri ya anthu, ana a inki ndi ana a pensulo. Ana a inki ankakhala pa mabenchi pa misonkhano ya gulu, ndipo akafa belu linkalira. Ana a pensulo, mwa kunena kwawo, adangodutsa.

Chaka china kudabwera bambo wina dzina lake a Makwinja, mwana wa tenanti amene adaphunzira pano makalasi atatu ali wamng'ono. Adakakulira ku Chipata, adachita bwino ndi ukalipentala, ndipo adafika pachipata ndi lole yodzaza madesiki opanga yekha. Munthuyo adatsika akugwetsa misozi, akugwira khoma la Sitandade 1, akuloza pomwe ankakhala. A Levisoni adanyambita chala, adafufuza, adalipeza dzina, n'kunena pamaso pa anthu onse kuti madesiki angathe kutsitsidwa monga mphatso ya munthu wakufuna kwabwino, koma mwini wake asakhale pa benchi ya ophunzira akale, akakhale uko kwa alendo. A Makwinja adawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Kenaka adauza dalaivala kuti alize lole, ndipo madesiki aja adakatsitsidwa pa sukulu ina cha ku Mlonyeni. Ana athu adakhalabe pansi, pafumbi, zaka zina zitatu. A Levisoni ankainena nkhaniyi monyadira, ati adateteza ulemu wa sukulu. Ife tonse tidangong'ung'udza n'kubalalika, ndipo manyazi amenewo ndi athu, si awo okha.

Achinyamata a gulu lathu la pa Watsapu, ena ali ku Lilongwe, ena ku Joni, adapemphapo kangapo kuti ajambule masamba a bukulo ndi foni, aliyense aone dzina lake kulikonse komwe ali. A Levisoni adakana. Adati mbiri ikalowa m'foni imasanduka miseche, ndipo wofuna dzina lake akwere basi abwere adzagwade pansi pa mbawa. Chomwe ankaopa n'chakuti buku likakhala m'thumba la aliyense, mpando wopinda uja udzakhala mpando chabe.

Amayi anga, a Esinati Nakoma, adalowa sukulu tsiku limodzi ndi a Levisoni. Adabwera pa lole ya esiteti kuchokera ku Phalombe ali kamtsikana kopanda nsapato, kolankhula Chichewa chosekedwa ndi anzawo. Adaphunzira makalasi anayi, ndipo m'makalasi anayi onsewo adakhala nambala wani. Masiku amenewo, pa tsiku lotsekera, mwana amene wakhala nambala wani m'kalasi yake ankapatsidwa chitsulo chija kuti amenye belu kamodzi. Amayi adalimenya zaka zinayi zotsatizana. Ankatiuza akuseka kuti ukamenya limu ija ndi chitsulo, mkono umanjenjemera mpaka m'chigongono, ndipo kunjenjemerako sikutha msanga. Ankatiuzanso za kamnyamata kotupa masaya komwe kankakhala kumbuyo kwawo, khosi litatalika ngati la nkhanga, kukopera masamu. Kamnyamatako chitsulo sikadachigwirepo ngakhale tsiku limodzi. Belu lomwe a Levisoni adalilephera ndi mutu adadzalitenga ndi ukalamba.

Chaka chachisanu matalala adaononga fodya, agogo adachotsedwa pa esiteti, ndipo sukulu ya amayi idathera pomwepo. Adabweranso kuno atakula, adakwatiwa ndi bambo anga a Banda, ndipo adakhala m'mudzi muno zaka zoposa makumi asanu. Mame otani okhala zaka makumi asanu? Njerwa za buloko ya Sitandade 5 adaumba nawo, madzi ake adasenza pamutu. Phala litayamba pa sukulu, adaphika nawo mpaka maso atafooka ndi utsi. Ana awo tonse asanu tidalembedwa ndi inki m'mabuku atsopano. Koma iwo pa misonkhano ya gulu ankakhala pamphasa ya alendo, osadandaula, akungoti Levisoni musiyeni, masamu adamuzunza. Chinthu chimodzi chokha ndiye adandipempha, akudwala komaliza, atandigwira dzanja.

"Malita, tsiku langa belu lija lidzalire. Kanayi kokha. Sindikupempha ka eni ake."

Adatisiya zaka ziwiri zapitazo, mwezi wa Juni, fodya ali m'zigafa. M'mawa mwake, adzukulu akukumba manda, ndidapita kwa a Levisoni. Ndidawapeza pakhonde akumwa tiyi. Ndidagwada pansi, ine mayi wa ana akuluakulu, mawondo pa dothi.

"Bambo, mwamva zomwe zatigwera. Ndabwera kudzapempha belu."

"Pepa, Nabanda, pepa ndithu. Koma ukudziwa kuti zinthu zili ndi dongosolo lake. Tione kaye m'buku."

Adamaliza tiyi wawo osafulumira. Adamasula jumbo, adanyambita chala, adatsegula tsamba la chaka chawo, ndipo ngakhale pa tsiku lotere adayamba agunda dzina lawo ndi chikhadabo. Kenaka adatembenuza tsambalo. Ine ndidadzuka pang'ono n'kusuzumira, ndipo ndidaona ndi maso angawa, mzere wachitatu kuchokera pamwamba: Esinati Nakoma. Zilembo zopendeka bwino, zotuwa, koma zowerengeka ngati zalembedwa dzulo. Kadali koyamba kuona dzina la amayi anga litalembedwa ndi dzanja la mphunzitsi, ndipo misozi idangotsika.

"Si awo, bambo! Si amenewo amayi!"

"Pensulo iyi, mwana iwe. Sukuona? Esinati adangodutsa."

"Adangodutsa bwanji munthu woti mwakalamba naye mudzi umodzi? Si inu munkakhala kumbuyo kwawo m'kalasi?"

Apo ndiye ndidalakwitsa. Nkhope yawo idasintha, buku lidatsekedwa mwamphamvu mpaka fumbi lidatuluka.

"Pakamwa si buku. Ndikalizira Esinati lero, mawa matenanti onse a m'maesiteti muno adzandanda pakhomo panga. Pita ukaike maliro."

Tidadutsa pachipata cha sukulu masana. Onyamula bokosi adachepetsa liwiro okha, mwachizolowezi, kenaka adakumbukira n'kupitirira. M'makalasi ana ankaloweza matebulo mokweza. Limu idali lende pa mbawa, duu. Amayi ophika phala okha ndiwo adatuluka kukhitchini n'kuima m'mbali mwa msewu, mithiko ili m'manja. A Levisoni adali pa mpando wawo pansi pa mtengo, ngakhale silidali Lolemba. Adavula chipewa, ndivomere, koma sadadzuke. Ndidawada tsiku limenelo, ndipo sindichita manyazi kulemba mawu amenewa.

Patatha mwezi ndidakadandaula ku msonkhano wa gulu. Ndidati dzina la amayi lilimo m'buku, ndidaliona, ndipo gulu ligamule ngati pensulo imachotsa munthu pa sukulu. A Chisomo ndi achinyamata ena adali mbali yanga. A Levisoni adaimirira, adatsegula buku ataligunditsa pachifuwa kuti wina asaone, adayendetsa chala pamwamba mpaka pansi, n'kunena kuti nkhani ya pensulo isativutitse n'komwe, chifukwa dzina loti Esinati m'buku muno mulibe, ndi inki kapena ndi pensulo. Adati chisoni chimaonetsa munthu zinthu, ndipo Nabanda timukhululukire. A Chisomo atatambasula dzanja kuti aone okha, a Levisoni adakulunga buku n'kufunsa ngati tsopano ana ayamba kusecha makolo awo. Anthu adaweramitsa mitu. Ndidatuluka mumsonkhanomo ndili wabodza, ndipo amayi anga ali munthu amene sadapondepo pa sukulu.

Kuyambira tsiku limenelo a Levisoni adasintha kachitidwe, koma tidalibe nzeru zoti tizindikire. Pansi pa mbawa ankabwerabe, koma jumbo sankaimasula. Dzina lawo lija, lomwe tidatopa nalo kuliona, adaleka kulionetsa. Pa maliro ankatsegula buku atatembenukira kumtengo. Anthu ankati ndi ukalamba. Ine ndinkati ndi nkhwidzi zomwe zakhwima.

Tsono Lachinayi lija maliro awo adafika pachipata. Ana adandanda kale mbali zonse za msewu, yunifolomu zochapa, chifukwa ahedi adati uyu ndi tate wa sukulu. Mwana wawo wachisamba, a Yohane, munthu wofatsa amene sadandilakwirepo, adali atanyamula jumbo ija m'khwapa ndi chitsulo m'dzanja. Adalunjika ku mbawa kuti akamenye. Ine ndidatuluka pamzere wa amayi n'kuima pakati pa iwo ndi mtengo. Za zomwe zidali m'bukumo sindinkadziwa kanthu. Ndinkangodziwa kuti kwa nthawi yoyamba lili m'manja mwa munthu wina, ndipo likalowanso m'nyumba mwina sindidzalionanso.

"Achimwene, pepani. Belu silirira dzina lisadawerengedwe m'buku. Lamulo ndi la bambo anu."

"Achemwali, pa bambo tichitenso zimenezo? Taonani anthu anyamula katundu padzuwa."

"Zinthu zili ndi dongosolo lake. Buku litsegulidwe."

Kudamveka kung'ung'udza, wina kumbuyo adati mayi uyu wapenga. A Yohane adapumira m'mwamba n'kupereka buku kwa a Chisomo, poti ndiwo mlembi. Tsamba lake sadavutike kulipeza, buku lidatseguka lokha pamalo pomwe lidazolowera. Ndipo potseguka padagwa kapepala kakang'ono, kotalika ngati chala, n'kutera pa nsapato ya a Yohane. A Yohane adakatola. Padalembedwa kuti Levisoni Mbewe, ndi bolopeni ya buluu ya masiku ano, dzanja lonjenjemera la nkhalamba. Kuseri kwake kudali zotsalira za phala la ufa lomwe adamatira, lodyedwadyedwa ndi mphemvu.

Pa mzere wachitatu kuchokera pamwamba padali bowo. A Chisomo adakweza tsambalo ndipo dzuwa lidalowera pabowopo n'kuwala pa malaya awo. Adatembenuza kuseri, mbali ya atsikana. Kuzungulira bowolo pepala lidali lakuda ndi lonyololoka, mmene limakhalira munthu akafufuta ndi malovu ndi kachidutswa ka patapata, ndipo kachidutswako, kofiira, kadali momwemo m'jumbo. Kumanzere kwa bowo kudatsala zilembo zitatu zotuwa, Esi, kumanja kudatsala ziwiri, ma. Munthu wamkulu, wa imvi, adakhala pansi n'kupekesa dzina la mnzake wakufa mpaka pepala lidabooka, osakumbukira kuti kuseri kwake kuli ndani. Adadzifufuta yekha. Ndipo zaka ziwiri zathunthu adayenda ndi bowo limenelo m'khwapa, akulonjera anthu.

A Chisomo adaonetsa ahedi, ahedi adaonetsa akuluakulu a mpingo. Onyamula bokosi adasinthana mapewa. A Yohane adandiyang'ana, maso ofiira.

"Achemwali, aliyense pano akudziwa kuti bambo adaphunzira pa sukulu ino."

"Pakamwa si buku, achimwene. Si ine ndidanena."

Ndidawamvera chisoni a Yohane, chifukwa mawu amenewo sadayenere kugwera iwo. Ndikadafuna ndikadaumirira pomwepo, bokosi likadadutsa mwakachetechete monga lidadutsira la amayi, ndipo palibe akadanditsutsa. Mtima wina unkafunadi zimenezo. Koma kukhala chete kwa belu sikukadawapatsa kanthu amayi anga.

"Bowo ili lili ndi anthu awiri," ndidatero mokweza kuti ndi akumbuyo omwe amve. "Belu likalirira wa kumaso, lilirirenso wa kuseri. Ndipo ayambe ndi amene wadikira nthawi yaitali."

A Yohane adayang'ana kapepala kaja, adayang'ana bokosi la bambo awo, n'kundipatsa chitsulo ndi manja awiri. A Chisomo adawerenga mokweza kuti Esinati Nakoma, makalasi anayi. Ndidamenya kamodzi, n'kudikira kulira kuthe. Kachiwiri. Kachitatu amayi a phala adayamba kulira. Kachinayi ndidamenya ndi mphamvu zanga zonse. Nthawi yonseyo a Levisoni Mbewe adali pamsewu, padzuwa, akudikira kumbuyo kwa Esinati monga ankakhalira m'kalasi. Kenaka ndidabweza chitsulo, a Yohane adamenya kawo kasanu n'katatu, ndipo maliro adapitirira. Kukadakhala kuti timawerenga zaka osati makalasi, akadamenya kakhumi n'kamodzi.

Buku tsopano lili mu ofesi ya ahedi, ndipo achinyamata akulijambula tsamba ndi tsamba. Akuti maina ena a pensulo ndi ofufutidwanso, koma ambiri akuwerengeka ukapendeketsa pepala padzuwa. Wina wapeza kale la a Makwinja ndipo akufunafuna nambala yawo. A Chisomo adandifunsa ngati ndikufuna kuti dzina la amayi lilembedwenso ndi inki pambali pa bowolo. Ndidati lilembedwe, koma bowo lisamatidwe. Ana adzafunse kuti lidabwera bwanji, ndipo adzauzidwe.

Lolemba lapitali ndidadutsa pa sukulu pochokera kumsika. Pansi pa mbawa, pomwe pankakhala mpando wopinda, patsala timaenje tinayi ta miyendo yake, ndipo nkhuku ya ahedi yafukulapo kale kamodzi posamba fumbi. Chitsulo chamangidwa ndi waya pa nthambi yomweyo ya limu, poti aliyense atha kuchifikira. Palibe adandifunsa chaka chomwe ndidalowa. Ndidaima pamenepo kanthawi, kudikira kuti mwina chisoni cha munthu wamkulu uja chindipeza, koma sichidabwere. Chomwe ndidamva ndi mkono wamanjawu. Amayi ankanena zoona, kunjenjemera kwake kumafika m'chigongono, ndipo kwanga sikudathebe.